Sea cucumber ichiritsadi shuga ndi maondo? Amai afuna kusiya mapiritsi a kukiliniki

Telala wa ku Kapata

Ndabwera ndi nkhani ya amai anga, ndipo ndifuna nzeru kwa inu amene mukuchidziwa chinthu chotchedwa sea cucumber. Kwathu chafika ngati makapisozi a bulauni m'botolo loyera la pulasitiki, 60 m'botolo limodzi, mtengo wake K850.

Amai ali ndi zaka za m'ma 60, akhala kumudzi cha ku Chiparamba. Shuga anawapeza naye kale ndithu, amamwa metformin m'mawa ndi madzulo, kuphatikizapo kapiritsi kamodzi ka BP. Zonsezi amalandira ulere kukiliniki. Koma mukawafunsa chimene chikuwavuta, za shuga sazitchula n'komwe. Iwo ndi maondo basi, makamaka lakumanja. Akakhala pamphasa kusenda nshawa, podzuka amayamba akwawira kunsanamira ya khonde, n'kuigwira ndi manja awiri, n'kudzikoka pang'onopang'ono, kenaka aima chiimire kudikira kuti bondo livomere. Kudimba anasiya kupita chaka chatha. Awa ndi amai amene anatilera ndi ndalama za repu ndi tomato wa m'dimbamo, lero repu achita kugula pamsewu. Zimenezi zimawapweteka mumtima kuposa bondolo.

Amene anabweretsa makapisoziwa si mlendo ayi, ndi alamu anga, akazi a alongo anga aakulu. Analowa m'gulu lina limene limasonkhana Loweruka lililonse m'holo ina mtauni muno, komwe amawaphunzitsa kagulitsidwe. Anafika kumudzi ndi foni, n'kuwaonetsa amai kavidiyo: munthu wovala khoti loyera, kumbuyo kwake nyanja, akutchula matenda mondondoza. Shuga, BP, nyamakazi, zilonda za m'mimba, khansa, mphamvu za abambo, ati imatsukanso magazi. Alamu ankamasulira m'Chinyanja. Anawauza kuti ndi chomera cha pansi pa nyanja, chachilengedwe, mulibe makemikolo, ndipo anthu a ku China amakalamba osadwala chifukwa cha chomwechi. Koma kuti munthu achiriretu afunika mabotolo atatu, ndiye kuti K2,550.

Amai anali atangogulitsa soya wawo. Ndalama imeneyo tinagwirizana kuti ndi ya feteleza. Botolo loyamba anagula tsiku lomwelo.

Chimene chandisowetsa tulo ndi zimene anandiuza pafoni Lamlungu. Akuti mapiritsi a kukiliniki angogoneka matenda, sachotsa, awamwa zaka zonsezi koma shuga ali pompo. Akuti akayamba botolo lachiwiri awasiya, chifukwa anauzidwa kuti kusakaniza kumafooketsa mphamvu ya sea cucumber. Nditayesa kuwaletsa anandiyankha kuti, "Iwe ululuwu suumva, ndiumva ndine." Pamenepo ndinasowa chonena, poti n'zoona.

Ine ndisoka zovala pamsika, ndipo ndidziwa kuti K850 ndi mayunifomu angati a sukulu. Komabe ikanakhala kuti ichiritsadi, ndikanasoka usiku wonse kuti amai ayendenso kupita kudimba kwawo. Ndiye ndiuzeni zoona. Chinthuchi n'chiyani kwenikweni? Alipo anachira nacho shuga, osati kungomva bwino m'thupi, koma kuyezetsa n'kupeza kuti wathadi? Nanga kumwera pamodzi ndi metformin kungawapweteke? Ndiponso inu akuluakulu, nkhani yotere mumaiyamba bwanji ndi mlamu popanda kupasula banja la mlongo wako?

Dalaivala wa Nacala

Alongo, funso loyambalo ndiyankhe ine, chifukwa chinthucho ndinachigwirapo ndi manja angawa. Si chomera. Ndi nyama yamoyo, imadya, imakwawa.

Ndimayendetsa thiraki, kukatenga feteleza ku Nacala ndi ku Beira. Ku Nacala tikakhala pamzere wodikira katundu masiku amatha tili chikhalire, ndiye ena timatsikira kugombe kukagula nsomba kwa asodzi. Tsiku lina madzi ataphwera ndinapeza anyamata akutsitsa m'bwato chidebe chodzaza ndi zinthu zofewa, zonenepa, zina zotuwa zina zakuda bii, kutalika kwake kuchokera pachikhatho kufika pafupi ndi chigongono. Maso palibe, mutu sudziwika, koma kumapeto kumodzi kuli kamwa. Nditanyamula imodzi inandithira madzi pamalaya n'kudzilimbitsa gwa m'manja mwanga. Ina m'chidebemo inali itatulutsa matumbo ake onse kunja. Mnyamata mmodzi anandiuza kuti imatero ikaopsedwa, ndipo ikasiyidwa m'madzi amameranso ena. Kumeneko amazitchula magajojo, ku Dar es Salaam ndinamva akuti majongoo.

Kakonzedwe kake ndinakaonerera mpaka kumapeto. Amazing'amba pamimba, kufinya zam'kati, kuziwiritsa m'diramu lodula pakati, kuthira mchere wambirimbiri, n'kuziyanika pathandala. Fungo lake si lamasewera. Zikauma zimafota mpaka kutsala msinkhu wa chala, zakuda ndi zolimba ngati chikuni chozima moto.

Ndinawafunsa ngati amadya. Anaseka, akuti zimenezi ndi ndalama, ndiwo zawo ndi nsomba. Amagulitsa kwa anthu ena amene amazitumiza ku Hong Kong ndi ku China. Anadandaulanso kuti pafupi ndi gombe zinatha, masiku ano achita kumira kwakuya kuti azipeze, ndipo kumirako kwapundula anzawo ena. Mkulu amene ankasonkhezera moto padiramupo ankayenda motsimphina, bondo atalimanga nsalu. Anandiuza kuti ntchito imeneyi anaiyamba ali mnyamata. Ikanakhala mankhwala a maondo akanayamba kudzichiritsa yekha, poti kwa iye n'zaulere.

Mphunzitsi wa Biology ku Katete

Adalaivala alongosola bwino kwambiri. Ndiwonjezere za m'mabuku.

Sea cucumber ili m'banja limodzi ndi starfish ndi sea urchin, zinyama za m'madzi amchere okhaokha. M'nyanja ya Malawi, ku Kariba kapena mu Luangwa simungaipeze. Mitundu yake ndi yoposa 1,000, ndipo yambiri imakhala pansi pa nyanja n'kumameza mchenga, kugaya zoola zimene zili mumchengamo, n'kutulutsa mchenga woyera.

Zoti ku China amaidya n'zoona, akhala akuidya kwa zaka mazanamazana. Ndi chakudya cha pamaukwati, pamaphwando a chaka chatsopano chawo, cholandirira alendo olemekezeka. Youma ija amainyika m'madzi masiku angapo kuti ifufume asanaiphike. Asing'anga awo akale anaiika m'gulu la zakudya zopatsa mphamvu. Ku Malaysia, makamaka pachilumba cha Langkawi, amapanga nayo mafuta otchedwa gamat opaka pazilonda. Choncho alamu anu sanangopeka zonse. Koma shuga ku China aliko, ndipo ndilo dziko limene lili ndi odwala shuga ochuluka kuposa lina lililonse, oposa 100 miliyoni. Iwonso m'zipatala zawo amalandira metformin ndi insulin.

M'thupi mwake muli mapuloteni ambiri, mafuta ochepa. Monga ndiwo ndi yabwino ndithu. Mbali yaikulu ya mapuloteniwo ndi kolajeni, chinthu chomwe chija chimachititsa msuzi wa vimbombo kugwirana ukazizira, chimene chilinso m'mapazi a nkhuku ndi m'chikopa. Ogulitsa amati kolajeni ameneyu amapita molunjika kukakonza bondo. Mimba sigwira ntchito motero. Puloteni aliyense, kaya wa kapenta, wa nyemba, wa sea cucumber, amaphwanyidwa m'mimba ndi m'matumbo kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo thupi limatitumiza kumene lafuna lokha. Onaninso kuchuluka kwake. Kapisozi mmodzi kawirikawiri safika galamu imodzi, pomwe dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a puloteni. Werengani nokha mathireyi a mazira amene K850 ingagule.

Tsopano kumene kuchokera nkhani ya khansa ndi shuga, chifukwa apa ndi pamene anthu ophunzira omwe amakoledwa. Mu sea cucumber muli tinthu tina timene akatswiri akutifufuzadi. Kamodzi ndi frondoside A, kochokera ku mtundu wa m'madzi ozizira a kumpoto kwa nyanja ya Atlantic. Atakathira pamaselo a khansa m'mbale za mu labotale, maselowo anafa. M'mbewa za mu labotale zotupa zinachedwa kukula. Palinso kafukufuku wa pambewa ndi makoswe woonetsa shuga akutsika. Zimenezi n'zenizeni, ndipo ndizo zimene amatola n'kuika m'mavidiyo. Chimene sanena n'chakuti kuchokera pambewa kukafika pamunthu ulendo wake ngwautali: mwa mankhwala 10 amene amafika poyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 amalephera panjira. Komanso akatswiriwo amayesa kanthu kamodzi koyengedwa bwino, pamlingo wodziwika, nthawi zambiri kudzera m'jakisoni, osati ufa wa nyama yonse wothiridwa m'kapisozi. Chipatala chachikulu cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York, chimene chimalembera odwala ake za mankhwala azitsamba ndi ena oterewa, chimanena kuti kafukufuku wa pa anthu akusowa. Umboni wa pa anthu woti sea cucumber imachiza shuga, BP kapena khansa palibe.

Kudula kwake kusakunamizeni. Youma yamtundu wabwino imafika madola mazanamazana pakilo, ina kupitirira 1,000, chifukwa oifuna ndi ambiri pomwe m'nyanja ikutha. India inaletsa kuigwira mu 2001. Tanzania, mbali ya kumtunda, inaletsa kuitumiza kunja mu 2006. Mu 2019 mitundu itatu inaikidwa pansi pa pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo zimene zili pangozi. Ku Madagascar, cha ku Toliara, anthu a m'midzi ya kugombe tsopano amaiweta m'makola a m'madzi.

Amai a ku Petauke

Aphunzitsi, mwaphunzira ndipo ndikulemekezani, koma thupi langa ndilidziwa ndine. Ine ndinamwa mabotolo awiri. Mwezi wa June ndinkalephera kukwera basi popanda kondakitala kundikoka dzanja, kutchalitchi kugwada ndinasiya. Ndinayamba kumwa mu August, pofika October ndinali kuyenda wapansi kupita kumsika ndi kubwerako. Sindigulitsa, sindilandira kanthu kwa aliyense. Kuchipatala ndinapitako, ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, n'kungondipatsa panado, bondo osaligwira n'komwe, akuti ndi ukalamba amai. Amene anandigulitsa anakhala nane pansi, kundifunsa pamene papweteka, kumandiimbira foni kufunsa m'mene ndagonera. Musatione ngati opusa ife amene timagula. Koma za kusiya mankhwala a BP, ine sindinasiye, ndipo sindingauze munthu kuti asiye.

Mphunzitsi wa Biology ku Katete

Amai, opusa ayi, ndipo ndikhulupirira kuti bondo linapepukadi. Chovuta n'kudziwa chimene chinalipepuza. Ululu wa maondo umabwera n'kumapita. Ambiri amadandaula kwambiri nthawi yozizira ya June ndi July, ndipo munthu amatulutsa ndalama pamene ululu wafika pachimake, nthawi yomwe ukanayamba kutsika ngakhale pawokha.

Ku America anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa GAIT, zotsatira zake zinatuluka mu 2006. Anatenga anthu 1,583 odwala maondo n'kuwagawa m'magulu. Ena anawapatsa mapiritsi a maondo otchedwa glucosamine, ena otchedwa chondroitin, yemwe m'bale wake amapezekanso mu sea cucumber, ena zonse ziwiri, ena mapiritsi opanda mankhwala alionse, popanda wodziwa chimene akumwa. Patatha milungu 24, mwa amene ankamwa mapiritsi opanda kanthu aja, 6 mwa 10 alionse ananena kuti ululu wachepa. Omwa chondroitin ndi glucosamine sanasiyane nawo kwenikweni. Anthu amenewo sananame, ululu unachepadi. Koma shuga sanyengereka motero. Kamakina koyezera kamaonetsa nambala imene ilipo, kaya mwini wake akhulupirira kaya ayi.

Nesi wopuma wa ku Mchini

Mwana wanga wa ku Kapata, imbani foni usiku uno. Amai asadumphe metformin ngakhale tsiku limodzi, ndi ka BP komwe.

Akunena zoona kuti mapiritsiwo sachotsa shuga. Ntchito yake ndi kumugwira kuti asakwere, tsiku ndi tsiku, chifukwa shuga wokwera amawononga mwakachetechete timitsempha ta m'maso, m'impso ndi kumapazi. Munthu amasiya mapiritsi, milungu yoyamba amva bwinobwino, mwinanso achitira umboni kutchalitchi. Kenaka ludzu losatha, kukodza usiku wonse, kuonda, maso kuchita chifunga. Ndagwira ntchito kuwodi zaka zambiri, ndatsuka zilonda za kuphazi zoyamba ndi kaminga ka kumunda, zothera kudula mwendo. BP nayo sichenjeza. Ena tinkawalandira atagwa kale sitiroko, abale akunena kuti dzulo lomweli anali bwino.

Za kusakaniza, chodziwika n'chakuti sea cucumber ili ndi tinthu tochedwetsa magazi kuundana. Amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena aspirin tsiku lililonse, kapena akuyembekezera opaleshoni, asaigwire asanafunse dokotala. Amene nkhanu ndi zakudya zina za m'nyanja zimawatulutsa zidzolo asamalenso. Funsani ngati amai ali pa aspirin, poti ena a shuga ndi BP amapatsidwa.

Koma mantha anga aakulu ali pa zimene sizilembedwa pabotolo. Mu 2022 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza anthu za mankhwala ena a mafupa ogulitsidwa ngati achilengedwe, atapezeka kuti anabisamo dexamethasone ndi diclofenac. Sindikunena kuti botolo lanulo lili choncho. Ndikunena kuti zimachitika, ndipo kwa wodwala shuga n'zoopsa. Dexamethasone amaziziritsa ululu msanga, munthu n'kumayamika, uku akukweza shuga ndi BP. Diclofenac wa tsiku ndi tsiku amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda m'mimba. Mukaona nkhope yayamba kufufuma mozungulira, kapena ululu wa zaka wazimiririka m'masiku awiri okha, kayikirani. Bungwe loyang'anira mankhwala muno m'Zambia ndi ZAMRA, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ogulitsawo chikalata chosonyeza kuti katundu wawo analoledwa. Ngakhale atachionetsa, kuloledwa kugulitsa chinthu ngati chowonjezera pa chakudya si umboni woti chimachiza.

Pitani nawo kukiliniki m'mawa asanadye, botololo m'manja, akayezedwe. Kwa wodwala shuga timafuna nambala ya m'mawa ikhale pakati pa 4 ndi 7. Nambalayo akaione okha ndi maso awo, zikamveka kuposa kuuzidwa ndi mwana wawo.

Bondolo musalinyalanyaze, chifukwa ogulitsa alowera pomwepo. Amai a ku Petauke anena chinthu chowawa koma choona: mzere ukatalika timathamangira shuga ndi BP, chimene chabweretsa munthuyo n'kuchisiya. Zothandiza nyamakazi ya bondo zilipo ndipo sizidula. Chachikulu ndi kulimbitsa minofu ya ntchafu. Akhale pampando, aongole mwendo, augwire m'mwamba uku akuwerenga mpaka 10, autsitse pang'onopang'ono. Aziyenda pang'ono tsiku lililonse, ndodo aigwire kudzanja la mbali yosapweteka, ndipo ngati ndi onenepa, kuchepetsako thupi kumapeputsa bondo kwambiri. Kukhala pamphasa aleke, muwapezere mpando wokwera. Pemphaninso kalata yopita kwa a physiotherapy, othandiza ziwalo ndi masewera olimbitsa thupi, ku Chipata Central Hospital.

Agogo a ku Chadiza

Za mankhwala anena kale anesi. Ine ndakalamba, zotere ndaziona zikubwera n'kupita. Mu 1995 kunamveka mchape ku Machinga m'Malawi, woti uchiza Edzi, anthu anakhamukirako miyandamiyanda, ndi akwathu kuno omwe anawoloka pa Mwami. Maliro sanachepe. Anadzachepa pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere, cha m'ma 2005. Mu 2011 kunabukanso kapu ya mankhwala azitsamba ya ku Loliondo ku Tanzania, ena mpaka kusiya ma ARV omwewo.

Koma ndabwerera funso lanu lomaliza lija, mwana wanga. Alamu anu musawayankhulire pagulu la banja la pa WhatsApp, ndipo musawatchule akuba pamaso pa apongozi awo. Mkazi amene watengera apongozi ake mankhwala, nthawi zambiri mumtima mwake akhulupirira kuti akuthandiza. Mukhale nawo awiriwiri. Muyambe ndi kuwathokoza kuti anaganizira bondo la amai, ndiye muwafunse modekha kuti mabotolowo anawagula ndi ndalama yochokera kuti. M'magulu otere amene amadyerera ndi wapamwamba, wapansi amatsala ndi katundu m'nyumba. Mwina mupeza kuti ofunika kuthandizidwa ndi awiri.

Telala wa ku Kapata

Zikomo nonse, mwandigwira mtima. Ndinapita kumudzi, ndipo ndabwera kudzakuuzani m'mene zayendera.

Ndinanyamuka Loweruka madzulo nditatseka shopu. Amai atagona ndinatenga botolo lija n'kuliwerenga ndi tochi ya pafoni. Kutsogolo zilembo zikuluzikulu ndi chithunzi cha nyanja. Kumbuyo, m'munsi mwenimweni, pali timalemba tating'ono ta Chingerezi tonena kuti katunduyu sanapangidwe kuti apime, achize kapena ateteze matenda alionse. Eni akewo alemba okha. Mtundu wa sea cucumber sanautchule, za ZAMRA palibe paliponse, adiresi ndi bokosi la positi chabe la kunja.

Ndinawerenganso metformin m'kapepala kake. Mapiritsi anatsala ambiri kuposa m'mene anayenera kutsalira. M'mawa amai anavomera kuti lamadzulo anayamba kale kulidumpha, ati kuti thupi lizolowere pang'onopang'ono.

Lolemba m'mamawa tinakwera njinga kupita kukiliniki asanadye kanthu. Kamakina kanaonetsa 13.8. M'kabuku kawo nambala ya ulendo wapitawo inali 7.4. Anesi sanawakalipire, anangotembenuza kabukuko n'kuwalozera manambala awiriwo. Amai anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti, "Ndikayambiranso atsika?" Anawauza kuti amwe monga kale, abwerenso pakatha milungu iwiri adzayezedwe. Aspirin samwa, ndinafunsa. Bondo akuti likadali chimodzimodzi, ngakhale botolo latsala pang'ono kutha.

Agogo a ku Chadiza, munaona patali. Alamu anga anatenga ngongole ku village banking n'kugula mabotolo 10 kuti akwere udindo m'gulumo. Agulitsa atatu okha, limodzi mwa iwo kwa amai. Otsalawo ali m'katoni pansi pa bedi, ndipo alongo anga za ngongoleyi sankazidziwa. Analira kwambiri. Anandiuza kuti zoti munthu asiye mapiritsi a kuchipatala anazimva kumsonkhano kwa bambo wina amene onse amamutchula dokotala, ndipo anazikhulupirira ndi mtima wonse, moti anali kukonza zotumizira amai awo owabereka botolo lina. Sindinathe kuwakwiyira. Kwa alongo anga tinakanena tili awiri.

Amai a ku Petauke, mawu anu aja oti wogulitsa ankakuimbirani kufunsa m'mene mwagonera ndawasunga. Tapangana ndi alamu kuti foni kwa amai aziimbabe monga ankachitira, koma azifunsa ngati amwa piritsi lamadzulo ndiponso ngati aongola mwendo. Ndalama yotsala ya soya tailipiriratu feteleza kuti isakhalenso m'nyumba. Kalipentala woyandikana nane pamsika akukhoma mpando wokwera wokhala ndi zogwirira m'mbali.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Mabotolo 7 aja alamu akana kuwagulitsanso kwa munthu wina, koma ngongole ikudikira kumapeto kwa mwezi. Alipo amene anabwezapo katundu ku gulu lotere n'kulandira ndalama zake, kapena anakadandaula ku CCPC, bungwe loteteza ogula, n'kuthandizidwa? Ndipo anesi, kuongola mwendo kuja azichita kangati patsiku, nanga tsiku limene bondo latupa apitirize kapena apumule?